Kuwerenga mitu m'mphepete mwa nyanja

Ndandanda ya ulendo wathu wa kunyanja yamchere ndinailemba ndekha pakompyuta, usiku, ana atagona. Inali ya masiku 5, ndipo tsiku lililonse ndinaligawa bwinobwino: kudzuka, kudya, kusambira, kupuma, kusambiranso, kudya, kugona. Akazi anga ataiona anangomwetulira n'kundifunsa kuti, "Nanga nyanjayo mwaiuza?" Sindinawamvetse. Ndinangoti ndi nthabwala zawo za masiku onse, n'kupinda pepalalo kuliika m'thumba la malaya.

Tinalipo anthu 6: ine, akazi anga, amayi anga ondibereka, ndi ana atatu. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 14, amene pa nthawiyo dziko lake lonse linali m'foni. Womupondera pamutu ndi mnyamata wa zaka 9, wosamva kuitana. Mzime ndi kamtsikana ka zaka 3 kosaopa chilichonse, kaya ndi galu, kaya ndi mdima, kaya ndi madzi. Ndalama ya ulendowu tinaisonkhanitsa pang'onopang'ono kwa chaka ndi miyezi, ndipo ndivomere kuti zimenezi zinandipatsa kamtima koipa. Ndinkafuna kuti ola lililonse libweze ndalama yake. Munthu wa mtima wotero si wabwino kuyenda naye, koma apo n'kuti ndisanadziwe.

Phunziro loyamba linatipeza pakhomo penipeni. Tinafika cha m'ma 11 koloko m'mawa titatopa, katundu ali mbwee, mzime atagona paphewa panga dovu likuchucha. Mtsikana wa polandirira alendo anatilonjera mwaulemu, anatipatsa timatawulo tozizira topukutira kumaso, kenako anatiuza kuti zipinda zathu zikhala zokonzeka 3 koloko masana. Zinalembedwa ndithu mu imelo imene anatitumizira, koma ine maso anangothamangira pa mtengo. M'mahotela ambiri zimayenda choncho: alendo akale amatuluka cha m'ma 10 kapena 11, atsopano amalowa cha m'ma 2 kapena 3, ndipo maola apakatiwo ndi a anthu okonza m'zipinda, oti asinthe zofunda, atsuke bafa, asese mchenga umene banja lina lasiya m'makona monse. Tsiku limenelo za iwo sindinaganizeko. Ndinkangodandaula maola 4 amene ndandanda yanga yaluza.

Podikirapo anatimanga tizibangili ta pulasitiki padzanja. Kachibangili kameneka ndi chizindikiro chakuti walipiriratu pogona, chakudya katatu patsiku ndi zakumwa zina. Nzeru yolipiriratu zonse pamodziyi anthu ambiri amati inayamba mu 1950, pamene Gérard Blitz wa ku Belgium anamanga matenti m'mbali mwa nyanja pachilumba cha Majorca n'kuyambitsa malo atchuthi otchedwa Club Med. Hotela yathu inali ina, koma cholinga ndi chomwecho: mlendo aiwale za chikwama cha ndalama. Mnyamata wanga anaimvetsa nzeruyi m'mphindi 10. Atazindikira kuti akangokweza dzanja amupatsa chakumwa popanda kufunsa adadi, ankayenda dzanja lili m'mwamba ngati wodziwa yankho m'kalasi. Ine inandigwira mwanjira ina. Kumalo odyera, kumene aliyense amadzitengera yekha, ndinkadzaza mbale mobwezera ndalama, osati mwa njala. Amayi ankayang'ana mbale zimene alendo ena asiya zili zodzaza n'kumapukusa mutu, ndipo usiku wachiwiri anayang'ananso yanga. Sananene kanthu. Mawa lake ndinatenga zochepa.

Zipinda tinatenga ziwiri zoyandikana, zokhala ndi chitseko chapakati. Pa intaneti panalembedwa kuti hotelayo ili pagombe penipeni, ndipo sanali kunama: ukatuluka pachipata chakumbuyo phazi limagwera mumchenga. Koma hotela kukhala pagombe ndi nkhani ina, chipinda chako kuyang'ana kunyanja ndi nkhani inanso, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Ife tinalipira chimene amati chipinda chooneka nyanja pang'ono. Tanthauzo lake tinalidziwa titaima pakhonde. Kutsogolo kunali denga la khitchini, ndipo kuti uone madzi unkayenera kupita kumapeto kwa khondelo, kugwira chitsulo, n'kusuzumira kumanzere. Amayi anasuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Ilipodi," kenako anakakhala pabedi n'kuvula nsapato. Chitsulocho chinali ndi dzimbiri lobisika pansi pa penti watsopano. Mphepo ya kunyanja imanyamula mchere, mcherewo n'kumadya chitsulo usana ndi usiku, moti masiku onse amene tinakhalako sindinalephere kuona munthu ali ndi chitini cha penti penapake.

M'mawa mwake, molingana ndi ndandanda, 9 koloko inali nthawi yosambira. Tinatsika tonse ngati gulu la nkhondo, matawulo ali pamapewa, mzime atavala zoyandamitsa m'mikono. Titafika pagombe tinangoti kakasi. Nyanja imene dzulo madzulo inkamenya pafupi ndi mipando inali itachoka. Patsogolo pathu panali mchenga wonyowa uli see, timadziwe apa ndi apo, miyala yakuda, ndipo madziwo ankaoneka uko ngati mzere woyera. Mnyamata anandiyang'ana ngati ndine ndaibisa.

"Adadi, nyanja yapita kuti?"

Kumbuyo kwangaku ndinamva akazi anga akutsokomola chitsokomolo cha munthu wobisa phwete.

Zakuti madzi a m'nyanja yamchere amaphwa ndi kudzaza ndinaziphunzira kusukulu, koma zinatsala m'kope momwemo. Mwezi umakoka madzi a padziko, dzuwa limathandizako, ndipo m'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku. Kuchokera pa kudzaza kwina kufika pa kotsatira pamapita maola 12 ndi mphindi 25, choncho mawa lake zonse zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri, ndipo ife tinafika uli wathunthu. Pafupi ndi nsanja ya mlonda wa pagombe panali bolodi lolembedwa ndi choko, losonyeza maola a madzi a tsikulo. Dzulo lake tinalidutsa osaliyang'ana. Kuyambira pamenepo bolodilo ndi limene linalamulira banja langa, ndipo kuseri kwa pepala langa lija mzime anajambulako nsomba.

Poti nyanja kunalibe, ana anathamangira kudziwe losambiramo, ndipo n'kumene anakakamira. Madzulo madzi atabwerera ndinawakokera kugombe mokakamiza. Mnyamata analowa mothamanga, funde linamumenya kumaso, anameza madzi n'kutuluka akulavula. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo mwana wozolowera madzi opanda mchere amaona ngati wachitidwa chipongwe. Maso amawawa, kachilonda kalikonse kamene unakaiwala kamakukumbutsa kuti kalipo. "Kudziwe kulibe zimenezi," anatero, n'kubwerera. Ndinatsala ndekha m'madzi ofika m'chiuno, ndikung'ung'udza chamumtima kuti dziwe la simenti likanapezeka popanda ulendo wonsewu. Wachisamba naye anali atapeza malo amodzi pansi pa mtengo pamene intaneti imakoka bwino, ndipo nyanja ankaionera m'foni ngakhale inali pamphuno pake.

Panalinso nkhondo ina imene palibe anandichenjeza, ya mipando. Mipando ya pamthunzi ndi yochepa kuposa alendo, ndiye anthu amalawirira m'mamawa, kuyala matawulo pa mipando inayi kapena isanu, n'kubwerera kukagona. Ukafika 9 koloko umapeza yonse ili ndi eni ake osaoneka. Chikwangwani choletsa zimenezi chinalipo ndithu, ndipo wina anali atayanikapo kabudula. Ndinawauza ana mokweza mawu kuti limeneli ndi khalidwe la anthu odzikonda. Pofika tsiku lachitatu matawulo ena pamipandopo anali athu.

Za dzuwa ndingonena mwachidule, chifukwa n'zochititsa manyazi. Ana onse amayi awo anawadzoza mafuta oteteza khungu, a SPF 50, n'kumabwereza pakatha maola awiri komanso akangotuluka m'madzi. Ine ndinakana, ati khungu lakuda silipsa. Kupsa limapsa ndithu. Kamphepo kochokera kunyanja masana kamakunamiza kuti kukuzizira, pamene dzuwa likukuwotcha kuchokera kumwamba, mchenga ndi madzi n'kumakubwezeranso lina kuchokera pansi. Usiku mapewa anali moto, malaya osakhudzika, tulo osabwera.

Cha m'ma 5 koloko, nditatopa ndi kutembenukatembenuka, ndinatuluka mwakachetechete n'kutsikira kugombe. Limene ndinalipeza silinali gombe la pazithunzi lija. Madzi atadzaza usiku anasiya mzere wautali wa ndere zakuda, zonunkha, zosakanikirana ndi timitengo, zivindikiro za mabotolo ndi nsapato imodzi ya mwana. Amuna anayi anali kale pantchito ndi mareki ndi wilibala. Ankakokera nderezo pamodzi, kuzinyamula, kukazitaya kuseri kwa mpanda, kenako wina n'kumadutsa ndi reki kusalaza mchenga mpaka utakhala ndi timizere ngati tsitsi lopesa. Wina ankatulutsa mipando, kuipukuta mame, n'kuindandalika. Ndinapereka moni kwa wamkulu wawo, bambo wa imvi, n'kuwafunsa ngati amachita zimenezi tsiku lililonse. Anaseka, ati nyanja sidziwa Lamlungu. Pofika 7 koloko onse anali atazimiririka, ndipo mlendo woyamba anatsika ndi kapu m'manja n'kujambula gombe loyera, lopanda phazi la munthu.

Sindikunena kuti ndi chinyengo. Ndikanakhala mwini hotela mwina ndikanachita chimodzimodzi, ngakhale kuti nderezo zili ndi ntchito yake pagombe: tizilombo timadya momwemo, mbalame n'kudya tizilomboto, ndiponso zimathandiza kugwira mchenga. Chimene chinandikhudza n'chakuti kupuma kumene ndinagula kunali ndi anthu ake okukonza, odzuka usikusiku, ozolowera kuchoka alendo asanawaone. Tawulo louma limene unkangolitenga pakhomo la dziwe, wina analichapa iwe uli mtulo. Ndinabwerera kuchipinda ndikudzimva kuti ndine munthu wozindikira zinthu, wachifundo ndi antchito. Sindinadziwe kuti mmodzi wa anthu osaonekawo ndimagona naye bedi limodzi.

Akazi anga anabwera ndi buku. Analigula kutatsala miyezi iwiri kuti tinyamuke, n'kulisunga osalitsegula kuti adzaliwerengere pagombe. Masiku awiri oyambirira bukulo linkatsika nawo m'chikwama n'kukweranso nawo, kapepala kosonyeza polekezera kali patsamba 11. Ndinkawaona atakhala pampando, buku lili pamiyendo, maso ali kutsogolo, milomo ikugwedezeka pang'ono. Ndinkayesa akupemphera, kapena akuimba chamumtima.

M'mawa womwewo wa tsiku lachitatu tinatsika 8 koloko kuti tipeze madzi asanapite kutali. Mzime anafuna kuchimbudzi, ndipo amayi ake ponyamuka naye anandiuza kuti, "Bambo, mnyamatayo ali m'madzi, mumuyang'ane." Ndinati ndamva. Ndinamuonadi, ali m'madzi ofika m'chiuno, akulimbana ndi mafunde amene tsopano anali atayamba kuwakonda, pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zimene zimasonyeza malo amene mlonda akuyang'anira. Kenako foni inalira. Unali uthenga wa kuntchito, wosafulumira n'komwe, koma ndinauyankha. Ndinayankhanso wina. Chimene chinandichotsa pafonipo ndi wenzulo.

Nditadzutsa mutu, mwana sanali pamene ndinamusiya. Anali atasunthira kumanja, kunja kwa mbendera, pamalo pamene mafunde sankasweka, ndipo mutu wake unkaoneka waung'ono kuposa mmene unayenera kuonekera. Kukuwa sankakuwa, manja sankakweza. Ankangoyesa kusambira kubwera kumtunda, koma akupita chakumbuyo. Ndisanafike n'komwe m'madzi, mlonda uja anali atandipitirira kale ndi chubu chake chofiira. Zonse zinatha mwina m'mphindi ziwiri. Mwana anatuluka akunjenjemera, akutsokomola, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Musawauze amami."

Mlondayo, mnyamata wamng'ono ndithu kwa ine, sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandiitana n'kundilozera pamalopo. Mafunde akamabwera amaunjika madzi kugombe, ndipo madziwo amafuna njira yobwerera. Akapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi amadutsa pamenepo onse pamodzi, n'kukhala ngati kamtsinje kolowera m'nyanja. Pamwamba pamaoneka pabata, pakuda pang'ono, popanda thovu, ndiye mwana wotopa ndi kumenyedwa ndi mafunde amathawira pomwepo. Kamtsinjeko sikakokera munthu pansi. Kamangomutenga kupita naye kutali, nthawi zina mwaliwiro loposa la katswiri wosambira, ndipo chimene chimapha ndi kulimbana nako mpaka mphamvu zitatha. Kamakhala kopapatiza, choncho wodziwa amasambira chopingasa, motsatira gombe, mpaka atatulukamo, kapena amangoyandama n'kukweza dzanja kuti amuone. Anandiuzanso kuti munthu womira kawirikawiri sachita phokoso, chifukwa kampweya konse kamene ali nako kakuthera popuma. Pambuyo pake ndinadzawerenga lipoti la mu 2024 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lonena kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Ndinaganiza za mzime ndi zoyandamitsa zake za m'mikono zija, zimene kunena zoona ndi zidole chabe.

Akazi anga kuwauza ndinawauza, chifukwa nkhope ya mwanayo inkaulula yokha. Sanayankhe pamaso pa ana ndi apongozi awo. Anadikira usiku, onse atagona, tili pakhonde lathu loyang'ana denga la khitchini.

"Mukudziwa chimene ndimachita ndikakhala pampando paja?" anandifunsa motsitsa mawu. "Ndimawerenga. Mmodzi, awiri, atatu. Ndikamaliza ndimayang'ana amayi, ngati ali pamthunzi, ngati amwa madzi, ngati amwa mankhwala awo. Kenako ndimayang'ana inu. Ndikatero ndimayambiranso."

Ndinati bwenzi atandiuza.

"Lero ndinakuuzani."

Pamenepo ndinasowa chonena. Anapitiriza, mosakweza mawu, kuti kunyumba ntchito yawo ili ndi makoma: mwana akangoti zii amadziwa chipinda chimene ali. Kuno makoma kulibe. Kuli dziwe mbali iyi, nyanja mbali iyo, masitepe, makonde, ndi chikhamu cha anthu osawadziwa. Hotela inawalanda kuphika ndi kutsuka mbale, zoona, koma inawasenzetsa ntchito ina yolemera kuposa imeneyo. "Inu mwabwera kutchuthi," anatero. "Ine ndangosamutsa ntchito."

Njira imene tinapeza ndi yoseketsa, koma inagwira. Ndinali ndi chipewa chachikulu chaudzu chimene ndinagula m'hotela momwemo mapewa atapsa. Tinagwirizana kuti amene wavala chipewacho ndiye mlonda wa banja. Sagwira foni, satsegula buku, sacheza, sagona, ndipo akafuna kuchoka amachivula n'kumuveka mnzake kumutu, osati kungonena chapatali. Vuto la akuluakulu ambiri pamalo amodzi ndi lakuti aliyense amayesa mnzake ndiye akuyang'ana, ndipo chipewa chinathetsa zimenezo. Za mzime tinati akakhala m'madzi, wamkulu akhale pafupi moti n'kumugwira ndi dzanja. Wachisamba anapempha yekha kuti nayenso azivala, ndipo tinkamupatsa mphindi 15 zokha, kudziwe, ine ndili chapafupi. Amayi anachikana, ati iwo kulera anamaliza.

Tsiku lachinayi ndinachivala maola awiri otsatizana, ndipo ndinatopa kuposa tsiku la kuntchito. Kuyang'ana madzi n'kovuta. Dzuwa limanyezimira m'maso, mitu ya ana onse imafanana ikanyowa, wina amabisika kuseri kwa chubu, ndipo maganizo amangofuna kuthawira kwina. Ndinamvetsa chifukwa chake alonda a pagombe amasinthana pafupipafupi pansanja paja. Posakhalitsa milomo yanga nayo inayamba kugwedezeka. Cha pakati pa ola lachiwiri ndinacheukira kamodzi kumbali. Akazi anga anali atagona chagada, kukamwa kuli yasa, buku litagwera mumchenga. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindikumbuka kuti ndinawaonapo atagona masana asakudwala. Mnyamata anabwera akuthamanga kuti awaonetse chigoba, ndipo ndinamugwira mkono asanafike.

Usiku umenewo wachisamba anandidabwitsa. Anabwera n'kunena kuti, "Adadi, tiyeni mukaone." Anali atawerenga pafoni kuti nkhanu zina zimatuluka usiku, ndipo foni yomweyo anaisandutsa tochi. Tinayenda mpaka kumene magetsi a hotela safika. Poyamba sitinaone kanthu. Anandiuza kuti ndisagwedezeke. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a nkhanu n'chimodzimodzi, chifukwa patapita kanthawi mchenga unayamba kuyenda. Tinkhanu totuwa, tofanana ndi mchengawo, maso ali pa timitengo, tinkatuluka m'maenje, kuthamanga chammbali, kuima, n'kuzimirira. Mwana amene kwa chaka chathunthu ankandiyankha ndi liwu limodzilimodzi analankhula mosalekeza kwa ola lonse, za nkhanu, za mnzake wina amene anasiya kumulankhula, za phunziro limene akuliopa. Zambiri sindinayankhe. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa abwerera kudzenje.

Amayi masiku onsewo madzi sanawakhudze. Ankakhala pansi pa ambulera, nsapato zili kuphazi, n'kumaonerera. Ati madzi amene amachoka okha n'kubwera okha si oseweretsa. Koma madzulo omaliza, nyanja itadzaza mpaka pafupi ndi mipando, mzime anawagwira chala n'kuyamba kuwakoka, ndipo mdzukulu ameneyu agogo ake sadziwa kumukaniza. Anavula nsapato, anakwezako chovala pang'ono, anayenda mpaka thovu linawafika mu akakolo. Funde pobwerera linakokolola mchenga pansi pa mapazi awo, ndipo anakuwa ngati kamtsikana, atamugwiritsa mdzukuluyo ngati iye ndiye wamkulu. Kenako anawerama, anaviika chala, n'kulawa.

"Ndi mcheredi," anatero. Anayang'ana mpaka kumene maso amalekezera. "Wonsewu?"

Chipewa chinali kumutu kwanga, ndiye chithunzi palibe anajambula.

Pochoka panali bilu. Kachibangili kaja sikankalipira zonse ayi. Zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda zinali zapadera, kuchapitsa zovala kwapadera, chipewa chija, ulendo wa paboti umene sitinausangalale chifukwa awiri anasanza, ndi tawulo limodzi la kudziwe limene mpaka lero sitidziwa kumene linalowera. Masiku anayi m'mbuyomo ndikanakangana pa mzere uliwonse. Ndinafunsa za tawulo lokha, ndinagonja, ndinalipira. Kangachepe ndinasiya patebulo m'chipinda, ka mayi amene ankatisesera mchenga tsiku ndi tsiku. Ka amuna a mareki ndinakapereka ndekha m'bandakucha, chifukwa ikakwana 7 koloko sukanawapeza. Mlonda uja tsikulo sanali pantchito. Mnyamata wanga anamulembera kakalata n'kukakasiya pansanja, atakatsindika ndi chigoba chija.

Panja, katundu atalowa m'galimoto, akazi anga ankawerenga buku lawo chiimire, atapitirira tsamba 140, ndipo sanadzutse mutu. Ndinayang'ana gulu langa n'kuyamba: mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Mtima unadumpha. Ndinabwereza, asanu ndithu. Ndinali nditatembenuka kale kuti ndithamangire kudziwe pamene mnyamata anandikoka malaya.

"Adadi, inuyo simunadziwerenge."